Makhadi Amene Ndinagawa pa Phiri la Zomba

Dzina langa ndine Ellah, ndimakhala ku Sadzi mumzinda wa Zomba. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikudya mbale imodzi ndi anthu amene ndinawanamiza, ndipo iwo amanditcha mayi wopirira. Ndatopa nalo dzinalo. Amene mukundidziwa mundizindikira ndisanafike patali, koma zimenezo sizikundiopsanso.

1

Bambo anga, a Selemani, anagwira ntchito zaka makumi awiri pa kalabu ina ya anthu andalama. Anayamba ndi kuperekera zakumwa, kenako mabwana ataona kuti manja awo ndi opepuka anawapatsa ntchito yogawa makhadi. Iwo eni sanatchovepo njuga ngakhale tsiku limodzi. Koma Lamulungu masana ankakonda kukhala pakhonde ndi paketi yakale ya makhadi, n'kumandionetsa zimene manja angachite maso a anthu ali pomwepo.

Anandiphunzitsa kusakaniza makhadi mooneka ngati asokonezeka, pamene amene ndikuwafuna ali pamalo pake. Anandiphunzitsanso kuti munthu akadula paketi, chala chaching'ono chimatha kusunga podulapo, paketi n'kubwerera m'mene inalili.

"Ndikukuonetsa kuti uzimudziwa wakuba," ankatero. "Tsiku limene udzachite zimenezi pamene pali ndalama ya munthu, usadzatchule dzina langa."

Anamwalira ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Chaka chotsatira ndinakwatiwa ndi a Prosper Harawa, amene ankagwira ntchito m'boma. Anali munthu wosangalatsa pagulu, wovala bwino, wodziwa kuseketsa. Kunyumba anali ndi mkwiyo wobwera ngati mvula ya mphepo. Ndinaphunzira msanga kuyankha zimene akufuna kumva.

2

Loweruka lililonse masana a Prosper ankakwera phiri kukasewera njuga ya makhadi yotchedwa poka kunyumba ya a Benard, mkulu wina wopuma pantchito ya boma amene anali ndi kanyumba pakati pa mitengo ya paini. Atadziwa kuti ndimatha kugawa, anayamba kunditenga. Anzawo osewera nawo anakondwa, poti wogawa wosasewera nawo amachepetsa mikangano. Tinkayamba 2 koloko n'kuweruka dzuwa lisanalowe, chifukwa msewu wotsika phirilo sufuna mdima.

Lamulo la patebulo linali lakuti aliyense, ikafika nthawi yake, amasankha mtundu wa poka umene akufuna.

A Benard ankakonda ya makhadi asanu, imene ankati ndi ya akuluakulu. Aliyense amalandira makhadi asanu obisa, amabetcha, kenako amataya amene sakuwafuna n'kulandira ena kamodzi kokha. Palibe khadi limene limaoneka, ndiye umangowerenga nkhope ya mnzako ndi kuchuluka kwa makhadi amene wataya.

A Prosper ankakonda ya Tekisasi. Mmenemo munthu amapatsidwa makhadi awiri okha, ndipo wogawa amayala asanu pakati, a aliyense: atatu poyamba, kenako limodzi, kenako lomaliza. Akayala, anthu amabetcha, ofooka n'kutaya makhadi awo. Amuna anga ankadziwa kuopseza anzawo ali ndi makhadi achabechabe, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa kupambana ndi makhadi abwino.

Panalinso a Akram, mwini sitolo ya nsalu m'tauni, munthu wachikulire wolankhula motsitsa. Kwawo sankadziwa kuti amabwera kuno. Iwo ankaitanitsa ya makhadi atatu imene anaphunzira kwa agogo awo, yoti munthu angathe kubetcha asanaone n'komwe makhadi ake.

"Iyi si poka yeniyeni, ndi msuweni wake," ankatero akuseka. "Koma imaphunzitsa mwamuna kuti sadziwa kanthu."

Ndiye panali Omaha, imene onse ankaiopa. Imafanana ndi ya Tekisasi, koma munthu amalandira makhadi anayi, ndipo pomaliza ayenera kugwiritsa awiri okha a m'manja ndi atatu a pakati. Popeza aliyense amakhala ndi makhadi ambiri, aliyense amadziona ngati wapambana kale. Mu Omaha ndimo ndinaonera amuna akuluakulu akutuluka thukuta mwezi wa Juni.

3

Apongozi anga aamuna anachokera ku Rumphi kudzagwira ntchito ya ukalaliki kalekale, ndipo anamanga nyumba ku Chikamveka, ya khonde lalitali ndi masitepe amiyala. Pomwalira anaisiyira ana awo awiri, a Prosper ndi mng'ono wawo Chiukepo. Alamu angawa anali mphunzitsi wa pulaimale, ndipo ndi amene ankakhala m'nyumbamo ndi mkazi wawo Tione ndi ana atatu.

Kunabwera munthu wofuna kugula malowo kuti amangepo zipinda zogona ophunzira a payunivesite ya ku Chirunga. A Prosper anayamba kuona galimoto yatsopano m'maloto. A Chiukepo anakana.

"Achimwene, amayi anamwalirira m'chipinda icho. Mukufuna ndikauze ana kuti pogona agogo awo pakhala bafa la anthu a lendi?"

Anakangana miyezi isanu mpaka anasiya kupatsana moni. Kenako, mwadzidzidzi, amuna anga anafewa. Anagula nyama ya mbuzi, tinapita ku Chikamveka, anakumbatira mng'ono wawo n'kunena kuti nyumba isawalekanitse.

"Loweruka tiye kuphiri ukapitidwe mphepo. Choko chakuyeretsa m'mutu iwe."

A Chiukepo ankangodziwa ya makhadi asanu imene ankasewera ali anyamata pobetcherana zitsekerero za mabotolo. Koma Loweruka loyamba anapambana. Loweruka lachiwiri anapambananso, ndipo anagulira Tione masitiroberi a m'mbali mwa msewu ndi nsapato. Loweruka lachitatu anali atayamba kulankhula ngati katswiri.

Tione anabwera kwathu ku Sadzi Lachinayi lina.

"Achemwali, ine mtima sukundikhala. Bambo a kunyumba aja sanali otere. Pano ngakhale akulemba zoti akaphunzitse, makhadi ali pambali. Inu mumakhala nawo kuphiriko, ndiuzeni, kulibe choopsa?"

"Kulibe," ndinatero. "Ndi masewera chabe. Atopa nawo okha."

Ndinamuthirira tiyi wina.

4

Loweruka la sabata imeneyo kunali chiperoni. Chifunga chinakuta phiri moti mitengo ya pafupi ndi zenera inkangooneka ngati mithunzi. A Benard anasonkha moto pabalaza n'kutulutsa botolo la mowa. Ndinaona kuti tambula ya a Chiukepo sinkauma, koma ya a Prosper inali pomwepomwepo.

Cha m'ma 4 koloko nthawi yosankha inafika kwa amuna anga.

"Omaha," anatero.

Ndinasakaniza makhadi. A Chiukepo, amene anakhala kudzanja langa lamanja, anadula. Ndinagawa anayi anayi, kenako ndinayala atatu pakati: mfumu ndi maseveni awiri. A Benard anataya makhadi awo. Khadi lachinayi linali thuu. A Akram anayang'ana abale awiriwo, anayang'ana ine, n'kutaya nawonso. Lomaliza linali naini.

Tonse tinkadziwa kuti khadi lomaliza likagwa, chatsala ndi kubetcha komaliza. A Prosper anakankhira pakati timabatani tawo tonse toimira ndalama, koma sanachotse dzanja.

"Chiukepo, takangana mokwanira. Tiye makhadi atiweruze. Ndikuika theka langa la nyumba ya ku Chikamveka. Iwe ika lako."

"Iyayi, a Harawa," a Akram anatero. "Nyumba ya makolo siikidwa patebulo. Tiyeni tiweruke."

"Inu mwataya makhadi, khalani chete."

A Chiukepo anasuzumiranso makhadi awo. Milomo yawo inkagwedera ngati akuwerengera ana m'kalasi. "Ndikapambana, nkhani yogulitsa yatha?"

"Yatheratu."

A Benard, amene mowa unali utawafika, analemba mawu papepala, abale awiriwo n'kusaina. A Akram anakana kukhala mboni.

A Prosper anatembenuza mafumu awiri. Pamodzi ndi mfumu ya pakati ndi maseveni aja, anali ndi atatu ofanana ndi awiri ofanana, dzanja limene amalitcha nyumba yodzaza. Anayamba kuseka asanaone n'komwe za mnzawo.

A Chiukepo anaika makhadi awo pang'onopang'ono. Maseveni awiri.

"Alamu," anandifunsa, "anayi ofanana amaposa nyumba yodzaza, si choncho?"

"Amaposa," ndinayankha.

Amuna anga sanayang'ane makhadi, sanayang'ane mng'ono wawo. Anayang'ana ine.

A Chiukepo anatenga pepala lija n'kuliponya pamoto. "Achimwene, theka lanu sindikulifuna. Nyumba ndi yathu tonse monga kale. Chokhacho, tisagulitse. Ndipo ine makhadi ndasiyira pano, mtima wanga sungapirire zotere."

Anatambasula dzanja. A Prosper anatenga makiyi a galimoto n'kutuluka.

5

Zimene tinalankhula m'galimoto potsika phiri ndizisunga kaye. Ndingonena kuti a Chiukepo anatsika ndi a Akram, ndipo amuna anga sanadye tsiku limenelo.

Mmawa wa Lamulungu ndikusita zovala za kutchalitchi ndinamva galimoto ikutuluka. Ndinadziwa kumene ikupita. Foni inali pampando pafupi nane. Ndikanatha kuimbira Tione kuti atseke chitseko. Ndinapitiriza kusita.

Zotsatirazi ndinamva kwa Tione. A Chiukepo anali pakhonde akupukuta nsapato za ana. A Prosper anakwera masitepe akukuwa.

"Wakuba iwe! Unasintha makhadi podula!"

"Achimwene, mukuti chiyani? Ine ndingadziwe bwanji zimenezo?"

"Usandipusitse! Ndili ndi umboni!"

Anthu opita kutchalitchi anaima pamsewu. A Chiukepo anaimirira, nsapato ili m'manja, n'kunena kuti alowe m'nyumba akakambirane ngati abale. A Prosper anawakankha pachifuwa ndi manja awiri. Kamodzi kokha. Alamu anga anabwerera chambuyo, phazi linaphonya m'mphepete mwa khonde, ndipo mutu unakamenya pa sitepe yamwala.

Anagona m'chipatala masiku atatu osatsegula maso. Lachitatu mmawa anatisiya.

Kukhoti a Prosper anavomera kuti anakankha, koma anati mng'ono wawo anawabera pa makhadi. Atafunsidwa kuti anadziwa bwanji, anangoti munthu wosadziwa Omaha sangapeze maseveni anayi. Anawalamula kukhala kundende zaka zisanu ndi zinayi chifukwa chopha munthu mosakonzekera.

Mawu aja anatsala m'tauni. Ku Chikamveka anthu ankati mphunzitsi uja ankaoneka wofatsa koma anali kamberembere. Achibale a ku Rumphi anagawikana, ena n'kumati Tione ndiye anatuma mwamuna wake kuti alande nyumba. Mwana wawo wamkazi woyamba anasiya sukulu teremu yathunthu chifukwa anzake ankamutcha mwana wa wakuba.

Nanga ine? Ndinkapita kundende mwezi uliwonse ndi chakudya. Ndinkapita ku Chikamveka ndi sopo ndi shuga. Tione ankandigwira dzanja n'kumati, "Achemwali, tatsala awiri. Pakanapanda inu ndikanapenga." Azimayi a kutchalitchi ankandipereka chitsanzo pa maulangizi a mabanja.

6

Chaka chino mwezi wa Malichi ndinalowa m'sitolo ya a Akram kukagula nsalu ya makatani. Kwa zaka zinayi ndinkailambalala, koma tsikulo mtundu umene ndinkafuna unasowa kwina konse. Ndinawapeza atakalamba kwambiri, akuyenda ndi ndodo. Anandiyezera nsalu okha, n'kudikira kuti ogula ena atuluke.

"Mayi Harawa, ine chitsikireni phiri tsiku lija sindinagwirenso khadi. Madokotala akuti mtima wanga watopa, ndiye pali chinthu chimene sindifuna kupita nacho."

Anapinda nsalu ija n'kupitiriza.

"Ndinaona chala chanu chaching'ono. A Chiukepo atadula, paketi inabwerera m'mene inalili. N'chifukwa chake ndinataya makhadi anga. Kukhoti sanandifunse, ndipo ine ndinaopa kuti banja langa lidziwa kumene ndinkapita Loweruka. Limenelo ndi tchimo langa. Koma munthu uja sanabe, ndipo inu mukudziwa."

"Muuza anthu?" ndinafunsa.

"Ayi. Ine ndinangoona chala. Nkhani yonse ili ndi inu."

Ndinatuluka nsalu ndaisiya pakauntala.

7

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinalumpha.

Kuyanjana kwa abale kuja kunali msampha, ndipo ine ndinali mkati kuyambira tsiku loyamba. A Prosper ndi amene anakonza zonse. Anandiuza kuti masabata atatu oyamba ndizipatsa a Chiukepo makhadi abwino kuti akhulupirire mwayi wawo. Ndinachita. Pa tsiku lomaliza ndinayenera kupatsa amuna anga mafumu awiri, alamu anga manaini awiri. Naini wa pakati akagwa, a Chiukepo akanakhala ndi nyumba yodzaza, yokwanira kuwalimbitsa mtima kuti aike nyumba yeniyeni, koma yochepera kwa mafumu.

Ndinavomera chifukwa ndinkaopa. Koma Tione atabwera kudzandifunsa, nkhope yake inandikhala m'maso. Ndinkaganiza za ana atatu aja akutulutsa katundu pamasitepe. Ndiye pa tsikulo, posanja makhadi, ndinaika maseveni m'malo mwa manaini. Ndinkaganiza kuti ndapeza nzeru: nyumba ipulumuka, ndipo palibe adzadziwe.

Mpaka pamenepo mwina ena a inu mungandikhululukire. Koma mverani za m'galimoto.

Titangodutsa pokhota poyamba, a Prosper anaimika galimoto m'mbali mwa msewu, mbali ya kuphompho. Chifunga chinali ponseponse. Anandigwira pakhosi pa bulauzi.

"Wandipereka iwe. Uli naye chiyani mng'ono wanga?"

Ndikanatha kunena zoona. Mwina akanandimenya, mwina ukwati ukanathera pomwepo, ndipo ndikanachira. Koma pakamwa panga panatuluka mawu ena, osavuta, ngati ndinawakonza kale.

"Ine ndinasanja monga munandiuzira. Alamu ndi amene anasintha makhadi podula. Ndinawaona ndi maso anga, koma ndinaopa kulankhula pagulu."

Dzanja lawo linamasuka. Anandipepesa. Analiza galimoto.

Umboni umene ankakuwa pakhonde paja ndinali ine. Kukhoti sakananditchula popanda kuulula chiwembu chawo, ndiye tonse awiri tinakhala chete, iwo akukhulupirira bodza langa, ine ndikulisamalira.

8

Ndinayamba ndi Tione. Ndinamupeza akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Ndinanena zonse nditaimirira, kuyambira nyama ya mbuzi ija mpaka foni imene sindinaimbe. Sanandidule mawu. Nditamaliza anafinya malaya amene anali m'manja, n'kuwayanika bwinobwino.

"Tsiku lija ndinabwera kwanu kudzafunsa, munali mukudziwa?"

"Ndinali ndikudziwa."

"Ndipo zaka zonsezi mwana wanga akulira kuti bambo ake anali wakuba, inu mumamupukuta misozi."

Ndinagwada. Iye anabwerera m'mbuyo kuti ndisamukhudze.

"Dzukani, dothi la pano si lanu. Ine za kukhululuka sindikudziwa, musandifunse lero kapena chaka chino. Chimene ndikufuna ndi ichi. Mukanene kwa ana anga, mukanene kwa a ku Rumphi, mukanene poti aliyense amene anamva bodza amve. Mukatha, musadzapondenso pano."

Ana ndinawauza tsiku lomwelo. Wamkulu uja sanalire. Anangofunsa amayi ake ngati angakachotse chithunzi cha bambo ake m'sutikesi n'kuchibwezera pakhoma.

Loweruka lotsatira ndinapita kundende. A Prosper anabwera ataonda, imvi zitayamba. Anamvetsera atagwira m'mphepete mwa benchi. Ndinkayembekezera mkwiyo umene ndinauopa zaka zonse za ukwati wathu, koma sunabwere.

"Ndiye Chiukepo sanabe?"

"Sanabe."

"Pamene ankati achimwene mukuti chiyani, sankadziwadi?"

"Sankadziwa kanthu."

Anayang'ana manja awo. Zaka zinayi zonse chimene chinkawagonetsa tulo chinali chakuti anakankha wakuba. Ndinawalanda chimenecho, ndipo ndinaona munthu akukalamba pamaso panga.

"Anawotcha pepala lija," anatero motsitsa. "Ananditambasulira dzanja."

Anaimirira n'kuuza woyang'anira kuti awabwezere mkati nthawi isanathe. Chakudya chimene ndinabweretsa anachisiya pabenchi. Kuyambira tsikulo amakana kundiona.

Inu owerenga, nkhaniyi ndailemba chifukwa Tione anati aliyense amve. Ndiye imvani: a Chiukepo Harawa, mphunzitsi wa ku Chikamveka, sanabere munthu aliyense. Ngati munanenapo kuti anali wakuba, kauzeni amene munawauza kuti sizinali zoona.

Ena adzati vuto linali njuga, ena adzati mkwiyo wa amuna anga, ndipo sakulakwitsa. Koma ine ndikudziwa gawo langa. Ndinafuna kuchita chabwino mobisa kuti chisandipweteke, ndipo nthawi yoti ndichivomereze itafika ndinaloza munthu wina. Mantha anga anali enieni, sindikukana, ndipo amayi ambiri amene akuwerenga akuwadziwa mantha amenewo. Ngati muli m'nyumba yotere, uzani wina msanga, musadikire tsiku limene mudzafunika kusankha pakati pa khosi lanu ndi dzina la wosalakwa. Ine ndinadikira, ndipo ndinasankha. Ndinatsika phiri lija wamoyo, wopanda bala, ndipo ana atatu a ku Chikamveka ndi amene akulipira mpaka lero.